Thadzi la Mwandida

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbuka. Ndimangodziwa kuti chinali chaka cha chitopa, pamene nkhuku za m'mudzi monse zinkayenda chozungulira, makosi atapindika, kenako n'kugwa. Ife tinakwirira khumi ndi zinayi kuseri kwa nkhokwe. Yomaliza kufa inali kameta wa malemu amayi, nkhuku yopanda nthenga m'khosi, yosaoneka bwino koma yolusa, imene inathamangitsapo kabawi mpaka kumunda.

Achemwali anga a Nangondo anandiperekeza mpaka pamsewu, khanda lili kumsana. Khandalo linali Mwandida, mwana wawo woyamba, ndipo Mulungu sanawapatsenso wina.

"Pitani, achimwene," anatero. "Koma musaiwale kuti mwini mbumba ndinu. Tsiku la chinkhoswe cha mwanayu, thadzi lopereka kuchimuna mudzanyamula ndinu. Lobwereka kwa anthu ayi. Lanulanu."

Kwathu timatero. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, ife akuchikazi n'kupereka thadzi, ndipo wolandira amaimirira n'kuuza anthu zimene waona pa nkhukuyo. Nkhukuyo ndiyo imanena za mwana amene mukupereka.

"Nkhuku imodzi yokhayo?" ndinaseka. "Kumene ndikupita nkhuku zimachuluka kuposa anthu."

Ndinanena zoona, ndipo n'zimene zimandipweteka mpaka lero.

Malo oyamba anali kunja kwa tawuni ya fumbi lofiira. Panali geti lachitsulo, beseni la madzi amankhwala, ndi kapitawo wa makiyi m'chiuno. Akapitawo a malo onse amene ndinagwirako anali ndi mayina awoawo, koma ndikamawakumbuka ndimaona nkhope imodzi, ndiye onse ndimangowatchula a Chidzanja.

"Kunyumba mumaweta nkhuku?" anafunsa.

"Zinatha ndi chitopa."

"Zili bwino. Wogwira ntchito muno saweta nkhuku, angatibweretsere matenda. Pondani m'madzimo."

Ndinaponda, n'kulowa. Kumeneko mazira sankakhala pansi pa thadzi. Ankakhala m'makabati amagetsi, ndipo tsiku lake likakwana tinkatsegula chitseko n'kupeza anapiye zikwizikwi akulira, akufunafuna chinthu chimene munalibe. Anandiika patebulo lalitali pafupi ndi mayi wina dzina lake a Nachisale, amene manja awo ankayenda okha iwo akuyang'ana kukhoma.

"Musamuyang'ane kumaso," anandiuza. "Tambasulani phiko. Nthenga zikasiyana kutalika, ndi wamkazi, ikani kumanja. Zikafanana, ndi tambala, ponyani kumanzere."

Kumanja kunali makatoni oboolaboola. Kumanzere kunali mgolo wabuluu.

"Nanga a mumgolowa amapita kuti?"

"Tambala amaikira?"

"Ayi."

"Ndiye mukufunsiranji, bambo? Gwirani ntchito."

Mgolowo unkalira m'mawa wonse. Apamwamba okha ndiwo ankalira, apansi anali atakhala chete kale. Ukadzaza, munthu wina ankabwera ndi chivindikiro, n'kuugubuduza kupita kuseri, n'kubweretsa wina wotsuka. Sabata yoyamba sindinkadya. Sabata yachiwiri ndinkadya pang'ono. Patapita miyezi kaya ingati ndinazindikira kuti ndikudya mbatata nditatsamira mgolo womwewo, ndipo kulira kuja sindikukumvanso. Sikuti anapiye anasiya ayi. Makutu anga ndiwo anaphunzira.

A Nachisale anandiyamikira. Anati dzanja langa lamanzere ndi lopepuka, silizengereza. Ndinakondwera, abale, chifukwa ndi kale munthu asanandiyamikireko.

Tsiku lina kunabwera uthenga wa achemwali: Mwandida wayamba sukulu. Ndinayang'ana makatoni a kumanja aja, aakazi okhaokha, n'kuganiza kuti nthawi ilipo. Kenako mwini malowo anagulitsa makabati ake, ife n'kubalalika. A Nachisale sindinawaonenso.

Malo achiwiri anali m'chigwa chotentha. Geti lachitsulo, beseni, a Chidzanja. Ulendo uno anali onenepa ndipo ankavala chipewa.

"Kunyumba mumaweta nkhuku?"

"Ndilibe ndi nyumba yomwe."

"Zili bwino. Pondani m'madzimo."

Uko kunali nkhuku zoyera zija za nyama. Khola limodzi kutalika kwake ngati kuchoka pano kukafika pachitsime, lopanda zenera, magetsi osazima, mafani okupiza mphepo akulira. Zinkabwera zili tianapiye, malo n'kumaoneka ochuluka. Pofika sabata yachisanu pansi sipankaonekanso, unkangoona misana yoyera kuchokera kukhoma mpaka kukhoma.

Ntchito yanga inali kuyenda. A Chidzanja anandiphunzitsa kayendedwe kake: kukoka phazi pansi, osanyamula, osatsokomola, chifukwa zikadzidzimuka zimathamangira pakona n'kupondana. Ndinkayenda ndi thumba, kutola zakufa. Zina sizinali zakufa. Zinali zitakula mofulumira kuposa miyendo yake, ndiye zinkangokhala chogona pa utuchi wonyowa, chifuwa chitasupuka, madzi akumwa ali apo, koma osatha kufikapo. Zimenezo ndinkazipotokola khosi. Poyamba ndinkati pepa ndisanapotokole. Koma pepa makumi atatu m'mawa umodzi amatopetsa pakamwa, ndiye ndinasiya.

Fungo la m'kholamo linkaluma m'maso ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Anthu m'minibasi ankasuntha ndikakhala pafupi. Chaka china ndinaona kuti akusunthabe, pamene ine sindikumvanso kanthu. Mphuno nazo zinaphunzira. Mpaka lero mvula yoyamba ikagwa ndimangoona anthu akukoka mpweya, ine osamva fungo la dothi.

Uthenga unabwera: Mwandida watha msinkhu.

Tsiku limenelo ndinayenda m'khola ndikuyang'ana mosiyana. Ndinapeza imodzi yoimirira bwino, maso owala, n'kupita nayo kwa a Chidzanja.

"Bwana, iyi ndingaisunge penapake? Ndili ndi mwana wa achemwali, chinkhoswe chake sichili kutali."

Anaseka mpaka chipewa kugwa. "Achimwene, izi ndi za masabata asanu ndi limodzi basi. Muisunge miyezi itatu, mudzaipeza yafa yokha, mtima utalephera kunyamula thupi. Izi sizinapangidwe kuti zikalambe. Bwezani."

Ndinabweza. Lachisanu lotsatira malole anabwera, khola n'kutsala mbee. Tinakokolola utuchi, kuthira mankhwala, ndipo anapiye ena anafika. Zinkatero, zinkatero. Ndikafuna kuwerenga zaka za m'chigwamo ndimalephera, chifukwa zonse zinali masabata asanu ndi limodzi omwewo.

Sindikumbuka chimene chinandichotsa. Ndimangodziona ndili pamsewu, majombo paphewa, kenako geti lina paphiri lozizira.

"Kunyumba mumaweta nkhuku?"

Ndinangoponda m'madzimo. A Chidzanja, amene tsopano anali ndi imvi, anagwedeza mutu kuti uyu ndi munthu wodziwa ntchito.

Paphiripo panali nkhuku zofiirira zoikira mazira. Zinkakhala m'timakola tawaya tosanjikizana, zinayi kapena zisanu m'kamodzi, malo a nkhuku iliyonse osakwana pokhalira pa mpando. Pansi pa kakhola kalikonse panali popendekeka, kuti dzira likangotuluka ligubuduzike kupita kunja kumene ife tinkatolera. Nkhuku inkatembenuka kuti ione chimene yaikira, n'kupeza palibe.

Kumeneko ndinaphunzira zinthu ziwiri. Choyamba, kudula milomo. Nkhuku zopanikizana zimajomphana mpaka magazi, ndiye zikadali zazing'ono tinkaika mlomo pa chitsulo chofiira ndi moto, nsonga n'kugwa. Kautsi kake anzanga ankadandaula nako. Ine mphuno zinali zitafa kale, ndiye ntchitoyo anandipatsa ine. Chachiwiri, kuyeza ndi zala. Ukaika zala kunsi kwa mchira, pakati pa mafupa awiri, zikalowa zitatu ndiye kuti ikuikira. Chikalowa chimodzi, yasiya, ndipo yosiya kuikira siyenera chakudya. Imeneyo inkatuluka.

Zala zanga sizinkanama. A Chidzanja ankandinyadira pamaso pa alendo.

M'mawa wina ndinapisa dzanja m'kakhola ka mzere wapakati, ndipo thadzi lina linandifufumira. Linatukumula nthenga zochepa zimene linali nazo, n'kulira kukhosi, kulira kuja kwa nkhuku yofuna kufungatira. Ndinaima. Kulira kumeneko ndinakumva komaliza kwa kameta wa amayi. Thadzilo linali litagona pawaya wopanda kanthu, mapiko litatambasula, likufungatira mphepo. Anzake ankaliponda pamsana popita kukadya, ilo osasuntha.

Ndinayeza. Chala chimodzi. Ndinatseka kakholako n'kupitirira ngati sindinaone.

Ndinatero masiku anayi. Tsiku lachisanu uthenga unafika: kwabwera anthu kudzafunsira mbeta, chinkhoswe ndi Loweruka la mawa lino, atsibweni ake a mwana asachedwe.

"Bwana," ndinatero kwa a Chidzanja, "mzere wapakati muli imodzi yasiya kuikira. Ikufuna kufungatira."

"Zimachitika mwa apo ndi apo. Mtundu uwu anauchotsa khalidwe limenelo, koma ina imakumbukabe. Itulutseni."

"Ndipatseni ine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukatuluka nayo pagetipo, ndinu woweta nkhuku. Lamulo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa."

Ndinasiya majombo pafupi ndi beseni, thadzi ndili nalo m'dengu nditavundikira ndi nsalu.

Panjira ndinadutsa misika itatu. Pamsika uliwonse panali amayi ogulitsa nkhuku zakumudzi, misoti yonyezimira, yomanga miyendo ndi luzi. Mmodzi anandiitana kuti, "Bambo, taonani uwu, wa chinkhoswe weniweni." Ndinapitirira. Mumtima ndinkati, misoti imeneyo ikudziwa chiyani? Kufungatira uli ndi chisa, uli ndi mthunzi, si nkhani. Langali linakumbukira umayi pamalo pamene nkhuku zikwi makumi awiri zinaiwala. Ndinkati palibenso thadzi lina loyenera Mwandida. Nzeru za munthu wokhala yekha zaka zambiri ndi zimenezo, alibe womufunsa.

Ndinafika Loweruka masana, mwambo utayamba kale. Achemwali anali atakalamba, ndipo ndinawazindikira ndi mawu okha.

"Mwabwera nalo?"

"Lili m'dengumu."

"Yamikani Mulungu. Khalani apo, akukudikirani."

Sanavundukule. Ndimaganizabe kuti akanangovundukula.

Anthu anali atadzaza pabwalo. Mwandida anakhala pamphasa, mutu ataweramitsa monga mwa mwambo, mtsikana wamtali wa mapewa a amayi athu. Nkhoswe ya kuchimuna inali a Zakeyu, bambo wansangala, wodziwa kuseketsa anthu. Anandipatsa tambala wofiira, wolemera, wa zikhadabo zakuthwa. Manja anga anayamba okha kumupima chifuwa. Ndinawaletsa, n'kunena mawu oyenera: kuti ndaona tambala wodzuka m'mawa, wodziwa kuitanira banja lake chakudya. Azimayi anaimba nthungululu.

Kenako ndinachotsa nsalu padengu.

Kunja kuno, padzuwa, ndinaliona thadzi langa koyamba monga ankalionera anthu. Khosi ndi chifuwa zopanda nthenga chifukwa chokhula pawaya. Zikhadabo zazitali, zopindika, zosagwirapo dothi. Mlomo wobuntha, wam'munsi wotalika kuposa wam'mwamba.

A Zakeyu sanali munthu woipa. Anaona manyazi athu, ndipo anafuna kutivundikira. Analandira thadzilo ndi manja awiri, n'kuliika pansi. Silinathawe. Linaima pomwepo, mutu litabweza, kuyembekeza waya kumanja ndi kumanzere.

"Taonani, abale," anatero a Zakeyu. "Nkhuku zina ukaziika pansi, zapita kale m'makomo mwa eni. Iyi yaima pomwe ndaiika. Taonaninso pakamwa. Iyi sijompha munthu. Ndamvanso kuti mtundu uwu umaikira tsiku ndi tsiku, ndipo ukatenga dzira sufunsa kuti wapita nalo kuti. Akuchikazi, mwatilerera mkazi. Mwana wathu wapeza mtendere."

Anthu anaseka, mpweya n'kutsika. Nthungululu zinalira kuposa poyamba. Amuna a kuchimuna ankagundana zigongono. Mwandida anadzutsa mutu, chinthu chimene mkwatibwi sachita, n'kuyang'ana thadzilo, kenako ine. Sanakwiye. Anangoyang'ana ngati akufunsa kuti, atsibweni, zaka zonsezi mumandiganizira chonchi?

Ine ndine munthu wophunzira kukhala chete. Ndinaphunzira pamgolo, ndinaphunzira m'chigwa. Koma ndinapezeka ndaimirira.

"A Zakeyu, ndibwezereni nkhukuyo."

"Achimwene, ya pachinkhoswe sibwerera."

"Iyi ibwerera. Mlomowo sinabadwe nawo, ndinadula ndine ndi chitsulo chamoto. Kuima pamodziko si ulemu, sidziwa kuti kuli koyenda. Mazira ake sifunsa chifukwa sinaloledwe kuona ngakhale limodzi. Zonse mwayamikirazo ndi zimene tinaichita. Mwana wathu sitikumupereka kuti akakhale choncho. Ndalakwitsa ndine, bwezani."

Palibe anaseka. Ndinawerama, n'kutola thadzi langa, n'kulibwezera m'dengu.

Zotsatira zake ndinazionera patali, nditakhala pansi pa mtengo wa mango. Achemwali anathamangira kwa anansi, n'kubwera ndi msoti wobwereka, chinthu chomwe anandiletsa pamsewu paja. Akuluakulu anakambirana, unkhoswe n'kuupereka kwa msuweni wathu wina. Mwambo unatha bwino, kunadyedwa, kunavinidwa. Anthu atabalalika achemwali anabwera n'kuima patsogolo panga.

"Chinthu chimodzi, achimwene," anatero. "Zaka zonsezi ndinakupemphani chinthu chimodzi."

Anandipatsa kanyumba kakale ka malemu amayi, kodontha mbali imodzi.

Masiku oyamba thadzilo linkangoima pomwe ndaliika. Ndinaliwenga zikhadabo ndi lumo. Ndinkalithirira gaga m'mbale yakuya, chifukwa ndi mlomo wotere silikanatha kutola njere pansi. Tsiku lachitatu linaponda kawiri. Tsiku lachisanu linakanda dothi kamodzi, n'kudzidzimuka lokha.

Mwandida anabwera sabata itatha, atanyamula kambale kovundikira. Anagwada pakhomo.

"Atsibweni, amayi akuti munanena kuti limafuna kufungatira."

"Linkafungatira waya."

"Awa ndi mazira asanu ndi awiri, ndapempha kwa anansi. Muliikire. Akaswa, msoti umodzi mudzandipatse ine." Anandipatsa kambaleko. "Wobwereka uja sanali wanga. Wanga ndikudikirabe kwa inu."

Ndinakonza chisa m'dengu lomwe lija. Thadzilo linayang'ana mazirawo nthawi yaitali. Linakankha limodzi ndi mlomo, n'kusuzumira kutsogolo kumene mazira ankagubuduzikira kale. Dziralo linakhala pomwepo. Linalikankhanso. Kenako linatukumula nthenga zake zochepazo, n'kukhala.

Masiku makumi awiri ndi limodzi amenewo ndiwo okha m'moyo wanga amene ndingathe kuwawerenga limodzi ndi limodzi. Ndinkakhala pakhonde, osapita kulikonse. Ndinkaopa kuti nthenga zake n'zochepa, mazira azizira. Awiri anaziziradi. Asanu anaswa m'mawa wina dzuwa litangotentha pang'ono, ndipo ndinawamva. Kwiyo, kwiyo. Makutu aja anatseguka okha, ine osawapempha.

Ndinatuma uthenga kwa Mwandida kuti abwere. Podikira ndinati ndimuonere wake. Ndinanjuta pafupi ndi dengu, n'kutola mwanapiye mmodzi wakuda, n'kutambasula phiko. Anapiye akumudzi phiko lawo silinena kanthu, ndinkadziwa. Koma zala sizifunsa mutu. Zinaona nthenga zofanana, dzanja lamanzere n'kupita lokha kumbali, lopepuka monga ankanenera a Nachisale, n'kutseguka.

Panalibe mgolo. Mwanapiyeyo anagwera pafumbi, anagubuduzika, n'kudzuka akulira.

Thadzilo linatuluka m'dengu mapiko ali tambalala, liwiro limene sindinalionepo, n'kundijompha padzanja. Linajompha kachiwiri, kachitatu, ndi mphamvu zake zonse, pamene mwanapiye uja ankalowa pansi pa phiko lake.

Mwandida anandipeza ndili chonjuta pomwepo, dzanja ndikali chitambasulire, misozi ikutsika.

"Atsibweni, lakupwetekani?"

Ndinamuonetsa dzanjalo. Panalibe ngakhale kachilonda.

"Ayi, mwanawe," ndinatero. "Likuyesetsa, koma ndinalidula bwino kwambiri."